Mwana akupita ku MAFCO, ndimulongedzere chiyani?

Mayi wina wa ku Dedza watilembera kuti mwana wake wamwamuna wasankhidwa kukachita maphunziro a usilikali ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima. Akufunsa zoti amulongedzere, ndipo akuti akuganiza zotenga katapila kuti amugulire sutikesi yaikulu, nsapato zatsopano ndi foni.

Mayi, mwalera, ndipo tikukondwera nanu. Koma katapilayo musatenge. Yunifolomu ndi majombo amakalandira komweko. Zofunika kuchokera kunyumba a Malawi Defence Force amanena okha poitana amene asankhidwa, ndiye tsatirani zimenezo. Chimene sanatchule chimangomulemetsa mwana, mwinanso kukachilanda pachipata. Ndipo wina akakuimbirani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina la mwana lisachotsedwe, ameneyo ndi wakuba. Kulowa usilikali salipira.

Yambani ndi mapepala. Chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB, ndi chilichonse chosonyeza kuti waitanidwa. Yerekezani mayina ndi tsiku lobadwa pa mapepala onsewa lero lomwe, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana chimatha kubutsa mafunso. Achite fotokope, ina itsale kwa inu, enawo awaike m'pepala la pulasitiki lothina bwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi thupi lake. Mwana wanu wakulira kozizira, kumapiri, pomwe Salima ndi kunyanja, kotentha zedi, makamaka mu October ndi November. Thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kugwira ntchito yolemetsa padzuwa lotero, ndipo masiku oyambawo ndi amene munthu amatha kuchita chizungulire n'kugwa. Aphunzire kuyambira pano kumwa madzi asanamve ludzu, ndipo aziyang'ana mkodzo wake: ukada, madzi achepa m'thupi. Azithamanga m'mawa, nthawi zina masana dzuwa litatentha, koma aziwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Amene amakhala osathamanga miyezi yambiri kenako n'kudzikakamiza makilomita khumi tsiku lililonse sabata yomaliza, amakafika miyendo ikupweteka kale, ndipo fupa la msongolo likang'aluka, kuchira kwake ndi masabata ambiri, anzake akupitirira. Mowa, fodya ndi chamba asiyiretu.

Mapazi musawaiwale. Jombo yatsopano imadya chidendene, ndipo thuza limodzi likaphulika n'kulowa dothi, msilikali wamphamvu amayamba kutsimphina. M'malo mwa sutikesi, mugulireni masokosi ochindikala angapo, Vaseline, ndi chowengera zikhadabo. Awenge zikhadabo zakumapazi mowongoka, azisambitsa mapazi n'kupukuta pakati pa zala mpaka paume, ndipo sokosi yonyowa asagone nayo. Zooneka zazing'ono, koma munthu woguba tsiku lonse amadalira zomwezi.

Zina zotsala n'zosavuta: sopo wosambira ndi wochapira, mswachi, malezala, polishi wakuda ndi burashi, singano ndi ulusi, loko, tochi yaing'ono. Alembe dzina lake pachilichonse, poti kumeneko katundu wa anthu onse amafanana.

Asananyamuke apite kuchipatala akayezetse malungo, ndipo ngati dzino likupweteka alikonzeretu. Kunyanja udzudzu ndi wambiri, choncho akamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha akanene msanga, asamaope kuti aoneka wofooka. Ngati ali ndi matenda amene amamwera mankhwala, monga mphumu, asabise kwa madokotala a asilikali. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa makolo ena amalangiza ana kubisa poopa kuti abwezedwa. Kubwezedwa n'kowawa, inde, koma mwana kugwa pamtunda wothamanga anthu osadziwa chomwe chikumuvuta, moyo wake uli pachiswe.

Kwa makolo a atsikana, poti nawonso akhala akulowa usilikali kuyambira 1999, onjezani mapadi okwanira miyezi ingapo ndi makamisolo othina bwino othamangira.

Foni yodulayo isiyeni kaye. Ophunzira usilikali sakhala ndi mpata wocheza pafoni mmene akufunira, ndiye pakadutsa masabata osamumva musathamangire kuganiza zoipa. Mulembereni manambala anu ndi a amalume ake pakapepala aike pamodzi ndi ziphaso zija, ndipo mumupatse ndalama yokwanira thiransipoti ndi pang'ono yapadera.