Yambani ndi maso, mabuku abwere pambuyo

Achemwali, mwati aphunzitsi akubwezerani chimangirizo chosanthula chithunzi, ati mwangofotokoza zimene zili pachithunzipo, ndipo mwatsala ndi masabata awiri kuti mulembenso. Musade nkhawa, ambiri amagwera momwemo. Kawirikawiri chimayambitsa ndi kuthamangira pa intaneti munthu asanachiyang'ane n'komwe chithunzicho.

Tsiku loyamba musawerenge kalikonse. Khalani pansi ndi chithunzicho, kope ndi cholembera, foni ikhale patali. Jennifer Roberts, mphunzitsi wa mbiri ya zojambula ku yunivesite ya Harvard ku America, amauza ophunzira ake kuti ayang'ane chojambula chimodzi kwa maola atatu athunthu. Inu ngakhale mphindi 30 zikwana poyambira. Lembani pamene diso lanu lafikira koyamba ndi chimene lalikokera pamenepo, kumene kuwala kukuchokera, ngati mizere yaima chilili kapena yapendekeka, ndani wakula, ndani wakankhidwira pakona. Lembaninso chimene mumayembekezera kuchiona koma palibe, poti nthawi zina nkhani yonse imabisala pamenepo.

Tiyerekeze kuti akupatsani Guernica, chithunzi chimene Pablo Picasso anajambula mu 1937. Wongofotokoza alemba kuti kumanzere kuli ng'ombe yamphongo, pansi pake mayi akulira atanyamula mwana wakufa, pakati pali hatchi. Zoona zonsezo, koma aphunzitsi nawonso maso ali nawo. Chimene akufuna kwa inu ndi funso lakuti chifukwa chiyani. Bwanji munthuyu anangotenga utoto wakuda, woyera ndi wotuwa pachinsalu chotalika pafupifupi mamita 8? Bwanji chithunzi cha tauni yophulitsidwa ndi mabomba chilibe ndege ngakhale imodzi? Mukayankha, mfundo yanu yaikulu yapezeka: Picasso sanaonetse oponya mabomba, nkhondo anaiika m'matupi a amene ikuwapweteka. Umboni wake uli pomwepo: pakamwa pali yasa, lilime la hatchi losongoka ngati mpeni, lupanga lothyoka m'dzanja la munthu wagwa pansiyo. Mfundo yabwino ndi imene wina angaitsutse. Kunena kuti chithunzichi n'chomvetsa chisoni si mfundo, palibe angakane.

Mukafika apa ndiye pitani ku laibulale, ndipo mupite ndi mafunso anu m'manja. Mupeza kuti pa 26 April 1937 ndege za Germany ndi Italy zinaphulitsa tauni ya Guernica pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, ndipo Picasso, amene anali ku Paris, anazimvera m'nyuzipepala. Mwaona tsopano? Utoto wakuda ndi woyera uja wayamba kufanana ndi zithunzi za m'nyuzipepala za nthawiyo. Kafukufuku woyenera ndi wotere, wokubwezerani ku chithunzi. Zoti Picasso anabadwira ku Málaga mu 1881 zisiyeni. Ine ndikaona ndime yonse ya mbiri ya wojambula ndimadziwa kuti wolembayo anasowa chonena.

Dzina la wojambula, chaka, kukula kwa chithunzi, zipangizo zake ndi kumene chikusungidwa muzitenge pa webusaiti ya myuziyamu yeniyeniyo, monga Museo Reina Sofía ya ku Madrid kumene kuli Guernica. Mukatapa mawu m'buku, lembani nambala ya tsamba nthawi yomweyo, chifukwa kudzaifuna usiku womaliza n'kodwalitsa mutu.

Polemba, ndime iliyonse inyamule chinthu chimodzi: chimene mwaona, mmene wojambula wachipangira, ndi mmene chikuchirikizira mfundo yanu. Musayende kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati mukuwerengera katundu. Yambani ndi umboni wamphamvu. Mawu oyamba muwalembe pomaliza, mutadziwa kumene chimangirizo chafika.

Masiku anu 14 ndikanawagawa chonchi: awiri kuyang'ana, anayi kuwerenga, anayi kulemba, kenako muchisiye tsiku limodzi osachigwira. Otsalawo pezani mnzanu, mumupatse chithunzicho, inu muziwerenga mokweza iye akuloza ndi chala chimene mukunena. Paliponse pamene chala chake chisowe polozera, chongani chiganizo chimenecho, ndipo muchipezere umboni pachithunzipo kapena muchichotse.