Makandulo a Blasio Woyera si chithumwa

Mayi wina wandilembera pa imelo: apongozi ake akuti kupita ndi mwana kutchalitchi kukadalitsa pakhosi pa 3 Febuluwale, tsiku limene Akatolika timakumbukira Blasio Woyera, n'chimodzimodzi kumumangirira chithumwa. Kodi aleke?

Mayi, funso lanu landifika pamtima. Mwana wanga ali wamng'ono, munga wa chambo unamuima pakhosi. Agogo ake anamumezetsa mbamu ya nsima, koma ayi ndithu. Tinathamangira kuchipatala pa kabaza, dovu lili chuchuchu pachifuwa panga, ine pakamwa pali dzina la Blasio basi. Namwino anauzula mungawo ndi kachitsulo kopanira. Ndinamuthokoza, ndinathokozanso Mulungu, ndipo mpaka lero sindiona pamene ziwirizi zikulimbana.

Blasio anali episkopi wa ku Sebaste, kumene lero kuli mzinda wa Sivas ku Turkey, ndipo anaphedwa cha m'ma 316, nthawi ya mfumu Licinius. Nthano zimati akupita naye kundende anapempherera mnyamata amene anatsamwidwa ndi munga wa nsomba, nachira. Zimatinso analamula mmbulu kuti ubweze nkhumba ya mayi wosauka, ndiye mayiyo anamubweretsera makandulo kundendeko. Ine ndimaikonda kwambiri ya nkhumbayi, chifukwa munthu wa Mulungu sanaone chiweto cha wosauka ngati nkhani yaing'ono. Asanamudule mutu anamukhadzula thupi ndi zipeso zachitsulo, n'chifukwa chake opesa ubweya wa nkhosa ku Ulaya anamutenga kukhala nkhoswe yawo. Ku Dubrovnik, m'dziko la Croatia, amamutcha Sveti Vlaho, ndipo chikondwerero chake chinalowa m'kaundula wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2009.

Tsono amene amati n'chithumwa akulakwa, sindibisa mawu. Chithumwa chimabisidwa m'chiuno, ndipo mphamvu amati ili m'kanthuko. Apa wansembe amapingasa makandulo awiri pakhosi panu anthu onse akuona, n'kupempha mokweza kuti Mulungu, kudzera m'mapemphero a Blasio, akupulumutseni ku matenda a pakhosi ndi ena onse. Wochiritsa ndi Mulungu, osati kandulo. Amandikwiyitsanso ndi Akatolika anzanga amene mwana akatupa pakhosi amangoti "anadalitsidwa kale" n'kukhala pansi. Amenewo ndiye asandutsadi dalitso kukhala chithumwa.

Pitani nayeni mwanayo, mayi, koma osati mozemba. Kambiranani kaye ndi bambo akunyumba, ndipo apongoziwo muwapemphe mwaulemu adzamve okha mawu amene wansembe amanena.