Boma silipereka ndalama chifukwa cha mapu okha

Mwafunsa kuti bungwe lanu, limene likufuna kujambula mapu a nkhalango za mangrove (mitengo yomera m'madzi amchere m'mphepete mwa nyanja) ndi kuyeza mmene gombe la nyanja likukokolokera, lingapeze bwanji thandizo la ndalama kuchokera ku boma, komanso kuti anthu owunika mapempho amayang'ana chiyani. Choyamba muyenera kudziwa kuti boma limapereka ndalama pamene pali chigamulo chimene chikudikira mapuwo, monga kukhazikitsa malire a malo amene anthu saloledwa kumanga nyumba, kusankha malo obzalanso mitengo, kapena kutseka kwa kanthawi malo amene nsomba zimaswanirana. Pempho limene limangonena kuti mudzapanga mapu abwino limagonja mosavuta pamaso pa pempho limene likutchula ofesi imene idzagwiritse ntchito mapuwo, chigamulo chimene idzapange, ndi nthawi imene idzachipange. N'chifukwa chake kalata yochokera ku ofesi yoyang'anira gombe, yonena momveka kuti ikufuna zotsatira za ntchito yanu, imalemera kuposa masamba ambiri ofotokoza luso lanu pa kompyuta.

Kumene ndalamazo zimadzera kumasiyana malinga ndi dziko. Ku United States, lamulo la Coastal Zone Management Act la mu 1972 limapatsa NOAA, bungwe la boma loona za nyanja ndi nyengo, mphamvu zopereka ndalama ku zigawo za dzikolo zimene zili ndi ndondomeko yovomerezeka yosamalira magombe, moti mabungwe ang'onoang'ono nthawi zambiri amalowa ngati ogwira nawo ntchito a chigawo kapena a yunivesite. Zilengezo za thandizo zimaikidwa pa tsamba la pa intaneti la Grants.gov, ndipo wopempha amayenera kulembetsa kaye pa tsamba lina la boma la SAM.gov, zomwe zingatenge masabata angapo. M'maiko ena ambiri ndalama zimachokera ku thumba limene maboma amasonkherana, monga Global Environment Facility imene inayamba mu 1991, ndipo mapulojekiti ake akuluakulu amafunika kuvomerezedwa ndi woimira boma la dziko limene ntchito idzachitikire. Kulikonseko werengani bwino ngati pakufunika kuti inunso muikepo gawo lanu la ndalama, chifukwa thandizo lina silituluka popanda gawo limeneli.

Pa bajeti m'pamene owunika amazindikira msanga ngati wopempha akuidziwa ntchitoyi. Zithunzi za setilaiti za Landsat zakhala zaulere kuyambira mu 2008, ndipo kadontho kalikonse pa zithunzi zake za masiku ano kamaimira mamita 30 pansi. Zithunzi za Sentinel-2, imene inayamba mu 2015, nazonso n'zaulere, zimafika pa mamita 10, ndipo malo amodzi amajambulidwa pafupifupi masiku asanu alionse. Pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu ya QGIS siifuna kugula laisensi. Komanso pulojekiti yolondola nkhalangozi ya Global Mangrove Watch ili kale ndi mapu a mangrove a dziko lonse lapansi oyambira mu 1996. Choncho wowunika adzafuna kudziwa chimene inu mukuwonjezera pa zimene zilipo kale, ndipo yankho labwino kawirikawiri limakhala ntchito ya pamalo penipeni: kupita ndi boti ndi GPS kukatsimikiza ngati chimene setilaiti ikuonetsa ngati mangrove chilidi mangrove, kusiyanitsa mitundu ya mitengo, ndi kuphunzitsa ogwira ntchito amene adzapitirize kuyeza. M'maganizo anga, pempho limene laika ndalama zambiri pa makompyuta atsopano koma zochepa pa ntchito yotsimikiza limaoneka ngati lofuna zipangizo, osati lofuna kusamalira gombe.

Izi sizikutanthauza kuti zipangizo zodula monga ndege zazing'ono zopanda woyendetsa kapena LiDAR (chipangizo choyeza kukwera kwa nthaka ndi kuwala kwa leza) n'zosayenera, koma muyenera kusonyeza chifukwa chake. Ngati gombe likubwerera m'mbuyo ndi mita imodzi pachaka, chithunzi cha mamita 30 sichingaonetse kusinthako mu pulojekiti ya zaka ziwiri, ndipo pamenepo kupempha chipangizo choona zinthu zing'onozing'ono n'komveka.

Pali mfundo ina imene opempha ambiri amaiphonya, ndipo katswiri aliyense wa za magombe amaiona nthawi yomweyo. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, ndipo pa gombe losatsetsereka kwambiri malire a madzi angasunthe mamita makumi angapo m'maola ochepa chabe. Mukayerekeza chithunzi chojambulidwa madzi atadzaza ndi china chojambulidwa madzi ataphwa, mudzalemba lipoti lonena za kukokoloka kumene sikunachitike. Pempho lanu linene mzere umene mukuutcha gombe, kaya ndi pamene madzi amafika akadzaza kapena pamene zomera zimayambira, linenenso muyezo umene mudzawerengere kukwera kwa nthaka ndi kukula kwa zolakwika zimene zingakhalepo m'miyezo yanu.

Kenako ganizirani za moyo wa deta pulojekiti ikatha. Opereka thandizo ambiri amafuna ndondomeko yosungira ndi kugawana deta, ndipo NOAA kawirikawiri imafuna kuti deta ifike kwa anthu onse pasanathe zaka ziwiri itasonkhanitsidwa. Fayilo iliyonse ikhale ndi chikalata chofotokoza amene anaipanga, nthawi yake ndi njira yake, motsatira muyezo monga ISO 19115, ndipo mutchule ofesi imene idzasunge zonsezi ndalama zikatha. Samalani ndi deta yochokera kwa asodzi, pakuti malo amene munthu amaphako nsomba ndi chuma chake, ndipo kuwafalitsa popanda chilolezo chake kungamuike pa mpikisano kapena pa chiletso chimene sanachiyembekezere.

Musanayambe kulemba, tengani chilengezo cha thandizolo, muone mapointi amene aikidwa pa gawo lililonse, ndipo pempho lanu litsatire magawowo mu dongosolo lomwelo kuti wowunika asavutike kufunafuna mayankho. Chilengezo chimatchulanso wogwira ntchito amene mungamufunse mafunso, ndipo ndi bwino kumulembera nthawi ikadalipo kuti mutsimikize ngati bungwe la mtundu wanu likuloledwa kupempha lokha kapena liyenera kudzera mwa bungwe lina.