Kuyesa ngati inverter ndi batire zikumvana

Bambo, mwafunsa mmene mungadziwire ngati inverter (makina osintha moto wa m'batire kukhala magetsi ogwiritsa ntchito m'nyumba) ndi batire la lithium, zomwe mwagula m'masitolo osiyana ku Kasungu, zikugwirizana. Choyamba, onani m'buku la inverter ngati batirelo lili m'gulu la mabatire omwe imalumikizana nawo kudzera pa chingwe chotumiza uthenga cha mtundu wa CAN kapena RS485, pakuti zikamvana, mlingo wa moto wotsala m'batire umaoneka molondola pa galasi la inverter. Kenako, pamaso pa katswiri wovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za magetsi la MERA, thimitsani magetsi a ESCOM pa switchi yaikulu firiji ikugwira ntchito. Inverter iyenera kupitiriza kupereka 230 V m'nyumba popanda kubwezera moto ku mawaya a ESCOM. Apa ndikupemphani kuti musanyozere, chifukwa moto wobwererawo ungaphe munthu amene akukonza mawaya papolo.