Mmene mungakopere alendo a ku America kuti akaone Likoma

Achimwene, mwafunsa kuti inu woperekeza alendo kuno ku Dedza mungawauze chiyani anthu a ku America kuti akafike pachilumba cha Likoma.

Musayambe ndi mchenga ndi dzuwa. Zimenezo ali nazo pafupi, ku Hawaii ndi ku Bahamas. Aonetseni zomwe kwawo kulibe: tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe a Anglican anayamba kumanga mu 1903, malambe akuluakulu aja, ndi nsomba za mbuna zamawangamawanga zomwe munthu amaziona akangoviika nkhope m'madzi opanda mchere. Nacho chodabwitsa china: chilumbachi ndi cha Malawi, koma chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Nkhani yagona pa nthawi. Tchuthi chawo chimakhala chachifupi, ndipo ndege yochokera kwawo molunjika kulibe. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Ndiye musawabisire kuti sitima yapamadzi ya Ilala imayenda kamodzi pa sabata ndipo imatha kuchedwa. Wofulumira akwere kandege kuchokera ku Lilongwe.

Ine ndikanati agone kaye kuno, aone zojambula zamakedzana pamiyala ya Chongoni, kenako atsike ku Golomoti kukakwera sitimayo ku Monkey Bay. Mitengo lembani m'madola, ndipo mlendo aliyense wokhutira mumupemphe alembe ndemanga pa tsamba la pa intaneti la zokopa alendo la TripAdvisor, poti anzake amayamba awerenga pamenepo asanatulutse ndalama.