Mimba ikupweteka kumanja koma kuchipatala akuti palibe chimene akuona

Mayi wina atilembera pa imelo kuti kwa miyezi 7 tsopano akumva kupweteka m'mimba mbali ya kumanja, nthawi zina pansi pa nthiti, nthawi zina m'munsi. Anawayeza malungo osapezeka, anapatsidwa panado ndi omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba), ndipo sikani imodzi sinaonetse kanthu. Akufunsa kuti, "Ndipitenso kukatani poti amangondiuza kuti ndili bwino?"

Mayi, pitaninso ndithu. Sikani ikapanda kuonetsa kanthu sindiye kuti ululuwo ndi wa m'maganizo. Chofunika n'choti ulendo uno mupite ndi zinthu zimene zingamuthandize dokotala kudziwa pofufuza.

Tiyambe ndi sikaniyo. Kodi munali mutadya? Pansi pa nthiti za kumanja pali chiwindi ndi ndulu. Munthu akadya, ndulu imafinyika n'kuchepa, moti miyala imene ili m'katimo ikhoza kubisika. Sikani ya ndulu imafuna kuti mukhale maola 6 mpaka 8 osadya, madzi okha pang'ono. Ambiri amafika atamwa tiyi wamkaka ndi mandasi chifukwa palibe anawauza. Ngati ndi mmene zinalili, pemphani kuti aibwereze. Ululu wa miyala ya mu ndulu uli ndi khalidwe lake: umabwera mukadya zamafuta monga tchipisi kapena nyama yonona, umagwira kwa theka la ola kapena maola angapo, umalasa kumsana kapena paphewa la kumanja, kenako n'kuleka.

Chiwindi nachonso chiyezedwe ndi magazi, makamaka hepatitis B, imene imakhala m'thupi zaka popanda chizindikiro. Ngati mumachapa kapena kusamba kunyanja, mu Shire kapena kudambo, nenani. Pali likodzo la m'matumbo limene limawononga chiwindi ngakhale munthu sakukodza magazi. Limafufuzidwa m'chimbudzi, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.

Ululu woyambira kumsana, pansi pa nthiti, n'kumatsikira m'mphechepeche umaloza ku impso. Ayeze mkodzo. Kamwala kakang'ono kamene katsikira mu njira ya mkodzo nthawi zambiri sikaoneka pa sikani wamba, kamafuna sikani ina yoona mwakuya yotchedwa CT.

M'munsi muli apendikisi, matumbo, thumba la mazira ndi chubu cha chiberekero. Apa sikani imafuna zosiyana: chikhodzodzo chikhale chodzaza, choncho imwani madzi ndipo musakodze mpaka akuoneni. Onaninso ngati ululu ukuyendera limodzi ndi kusamba kwanu kwa mwezi, kapena ngati pali ukazi wonunkha. Mukamaonda, kutuluka thukuta usiku kapena mimba kumakula, funsani za TB ya m'mimba ndipo muyezetse HIV.

Pali chinanso chimene chimaiwalika kwambiri, pomwe mungachiyese nokha pamphasa. Gonani chagada, dinani ndi chala chimodzi pamene pakupweteka, kenako dzutsani mutu ndi mapewa osagwiritsa ntchito manja. Ululu ukawonjezeka, n'kutheka kuti vuto lili mu mnofu kapena mtsempha wa pakhoma la mimba, osati m'kati. Zotere nthawi zambiri sizioneka pa sikani, ndipo chithandizo chake n'china. Kamuuzeni dokotala zimene mwapeza.

Kwa masabata awiri, tengani kope muzilemba tsiku lililonse: nthawi imene ululu wayamba, malo ake enieni, utali wake, chimene munadya, ngati mwapita kuchimbudzi kapena mwadzimbidwa, ndi tsiku la kusamba. Dokotala amene kunja kukumudikira mzere wautali sangathe kuchita zambiri ndi mawu akuti "m'mimba monse mukuwawa", koma tsamba limodzi lolembedwa bwino limamuonetsa njira. Buku la kuchipatala musasinthe. Ena amagula latsopano akamapita kwina poganiza kuti awaona ndi maso atsopano, koma zotsatira zake n'zakuti amayezedwanso malungo n'kupatsidwa mankhwala omwe aja. Lakale lija ndi umboni wakuti zoyambirira zinayesedwa kale. Nenani mwaulemu koma momveka: "Ndamwa izi kwa miyezi 7 osasintha, chotsatira n'chiyani?" Pemphani kalata yokutumizani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo kumeneko akalephera, ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Podikira, samalani ndi mankhwala. Brufen ndi diclofenac zikamwedwa tsiku ndi tsiku zimayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso. Panado wa 500 mg musapyole mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo ngati chiwindi chikukayikiridwa funsani kaye mlingo. Ngati mwamwako zitsamba, musabise, chifukwa zina zimapweteka chiwindi n'kusokoneza zotsatira za magazi.

Koma pali nthawi imene kope silifunika. Mimba ikalimba ngati thabwa, thupi likatentha ndi kunjenjemera, maso akachita chikasu, mukasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, pitani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzi ngati mwadumphitsa kusamba kenako ululu wakula mwadzidzidzi, mukuchita chizungulire kapena kukomoka. Imeneyo ikhoza kukhala mimba yokhala m'chubu imene yaphulika, ndipo mukafika nenani tsiku limene munasamba komaliza asanakufunseni.