Funsani Akatswiri: Nkhondo ya Stalingrad pa Tebulo

Funso: Akonzi, tili ndi tiasilikali tazidole ta mamilimita 28 ta Germany ndi Russia, ndipo tinamanga nyumba zisanu ndi imodzi. Tikasewera nkhondo ya Stalingrad pa malamulo a Bolt Action (masewera a nkhondo a pa tebulo), a Russia amatha asanafike n'komwe panyumba yoyamba. Tikulakwitsa pati? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Tebulo lanu ndi lapululu kwambiri, achimwene. M'malamulo amenewa mfuti wamba imafika mainchesi 24, pomwe mfuti ya a Russia ya PPSh-41 imathera pa 12 (pafupifupi masentimita 30). Pakakhala mpata, mfuti zachiwaya za Germany zimawasesa akadali kutali.

Mu 1942, pa nkhondo yeniyeni mumzinda wa Stalingrad, zinalinso choncho. N'chifukwa chake Chuikov, mtsogoleri wa gulu lankhondo la Russia la 62nd Army, ankauza anyamata ake kuti azikhala pafupi ndi adani, poti bomba loponya pamanja lingafike, kuti ndege ndi mizinga ya a Germany zisowe powombera poopa kupha anzawo. Tebulo lanu lipatse wosewera wa Russia mwayi womwewo.

Chepetsani bwalo likhale masentimita 120 mbali zonse, ndipo zoposa theka zikhale mabwinja, milu ya njerwa ndi ngalande. Misewu isapitirire masentimita 15 m'lifupi, komanso isawongoke kuchoka kumapeto kufika kumapeto. Ikhotetseni kapena gwetsanipo khoma. Mukamaliza, weramani muyang'ane ngati kasilikali. Paliponse pomwe diso likudutsa masentimita 30 osatchingidwa, unjikanipo zigumu. Magulu ayambe atatalikirana masentimita 30 okha. Akasinja achepe, imodzi ikwana.

Kupambana musakuwerengere pa mitembo. Ikani pakati nyumba yosanjikizana kanayi, ngati Nyumba ya Pavlov yomwe a Russia anaiteteza pafupifupi miyezi iwiri kuyambira kumapeto kwa September 1942. Amene wagwira nsanjika zambiri pakutha pa gawo lachisanu ndi chimodzi la masewerawo ndiye wapambana. Mudzaona a Germany akusiya kubisala kumapeto kwa tebulo.

Funso: Pansi pa nyumba zanga pakupindika, ndipo makoma a foam anasungunuka nditawapopera penti. Nditani? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

Yankho: Guluu wa PVA amakoka akamauma, ndiye mukapaka mbali imodzi ya katoni, imapinda. Pansi gwiritsani ntchito thabwa la MDF la mamilimita atatu. Ngati muli ndi katoni yokha, pakani mbali zonse ziwiri ndipo muitsindike ndi njerwa usiku wonse.

Penti yopopera ili ndi mankhwala odya foam, ndipo super glue amachitanso zomwezo. Yambani mwasakaniza PVA ndi madzi mofanana, onjezani kamchenga kosefa, mupake kawiri mpaka foam isaonekenso, makamaka m'mphepete modula. Kenako pakani penti ya acrylic ndi bulashi: yakuda poyamba, yofiirira ya njerwa, pomaliza yotuwa pang'ono ndi bulashi youma.

Nsanjika iliyonse italike masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo musaimate. Ikhale pa timitengo ta machesi tomata kukhoma kuti muziinyamula poika asilikali. Ambiri amaunjika zigumu mpaka tiasilikali n'kumagwa. Siyani malo afulati a masentimita atatu kuseri kwa zenera lililonse, chifukwa kapansi ka kasilikali kamakhala mamilimita 25.